"Kunawachera": chining'a cha "dawn on" chikafika kunyanja ya Chilwa

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu kwa Mwambo. Paja kumudzi ukangodziwika kuti unakaponda ku yunivesite, ana a eni ake amayamba kubwera okha, makope ali m'manja. Moti masana aliwonse ndinkakhala pakhonde ndi ana a Fomu 4 asanu ndi awiri, tikukonzekera Chingerezi cha MSCE. Tsiku lina tili pa zining'a, ndinawalembera chiganizo ichi kuti achimasulire m'Chichewa: "It slowly dawned on the fishermen that the lake was drying up."

Asanu ndi mmodzi analemba zimene ndinkayembekezera, zonga "Asodzi anazindikira pang'onopang'ono kuti nyanja ikuphwa." Mtsikana mmodzi yekha analemba zake: "Asodzi kunawachera nyanja ikuphwa." Ndinakhwatcha ndi bolopeni yofiira, n'kumuuza kuti wagwera m'mbuna imene aphunzitsi amatichenjeza tsiku ndi tsiku, yomasulira chining'a liwu ndi liwu. Iye anangoti, "Chabwino aphunzitsi, koma agogo amatero." Sindinamufunse kuti agogowo amatero pa nkhani yanji. Ndinangopita pa nambala yotsatira.

Papita miyezi tsopano koma yankho lakelo silinandichoke m'mutu. Mmene ndikuonera lero, mtsikanayo analakwa theka, theka linalo ndinalakwa ndine. Kuti zimenezi zimveke, tiyambe taona chimene Mngerezi amanena akati "it dawned on me", kenako tione chimene Chichewa chimachita ndi mneni wakuti kucha.

Chimene Mngerezi amanena

"Dawn" ndi m'bandakucha, ndipo likakhala mneni ndi kucha. Liwuli ndi pachibale ndi "day": kholo lake m'Chingerezi chamakedzana linali "dagian", kutanthauza kusanduka usana. Ukaliphatikiza ndi "on" n'kutchula munthu, nkhani imachoka kumwamba n'kulowa m'mutu: "It dawned on me that I was on the wrong minibus." Munthuyu wayamba kuzindikira kuti minibasi imene wakwera si ya kumene akupita.

Pali zinthu zitatu m'chining'achi zimene liwu lakuti "realise" lilibe.

Choyamba, munthu si mwininkhani. Mu "I realised", wochita ndine. Mu "it dawned on me", malo a mwininkhani watenga "it", kaliwu kosaloza chinthu chilichonse, ine ndakankhidwira kumapeto. N'chifukwa chake sungalamule munthu kuti "dawn on it", ndipo sunganene kuti unayesetsa kuchita "dawn". Kumvetsa kwa mtundu uwu kumakupeza, sukufunafuna.

Chachiwiri, chimene wazindikiracho chinalipo kale. Kucha sikulenga phiri la pa Chisi, kumangolionetsa. Wina akakuimbira foni n'kukuuza mosabisa kuti kwanu kwagwa zovuta, pamenepo palibe "dawn on", wangouzidwa basi. Koma ukafika pamudzi n'kuona anthu akukuzemba maso, azakhali akukupatsa moni wamfupi, ana sakusewera, pabwalo pali nkhuni zochuluka kuposa masiku onse, ndiye mtima n'kuyamba kulumikiza zimenezi palibe wakuuza, apo Mngerezi amati "it dawned on me".

Chachitatu ndi nthawi, ndipo apa m'pamene ophunzira amasokonekera. Chining'achi chimayenda ndi "slowly" komanso "gradually", koma chimayendanso ndi "suddenly". Mwana wina anandifunsa kuti, "Ndiye n'chapang'onopang'ono kapena chadzidzidzi?" Yankho lili m'kucha kwenikweniko. Kuwala kumabwera pang'onopang'ono, koma pamakhala kamphindi kamene chinthu chakuda chimene umachiyesa chitsa chimaoneka kuti ndi munthu wakhala pansi. "Slowly" akunena za kuwala kuja, "suddenly" akunena za kamphindi kaja. Tikayerekeza ndi zining'a zinzake zimamveka bwino. "The penny dropped" chinachokera ku makina oponyamo kobiri: kobiri limakakamira, kenako gwe, makina n'kuyamba kugwira ntchito. Icho chimangoona mphindi yomalizayo. "Sink in" chimayambira pamene wauzidwa kale, nkhani waimva ndi makutu koma sinafike pansi pa mtima. "Dawn on" chimagwira ulendo wonse, kuchokera mumdima mpaka poyera.

Kucha kwa kwawo ndi kucha kwa kuno

Chining'a chimabadwira pamalo, ndipo kucha sikufanana padziko lonse. London ali pa madigiri 51 kumpoto kwa ikweta, pomwe Zomba ali pa madigiri 15 kummwera. Kutali ndi ikweta dzuwa limatuluka chopendekera, motero kunja kumayera nthawi yaitali dzuwalo lisanaoneke. Ku London m'mwezi wa June, kuchokera pamene munthu wayamba kuona bwino popanda nyale kufika pamene dzuwa latuluka pamadutsa mphindi zoposa 40, ndipo pakati pa chilimwe chawo thambo silida n'komwe bii usiku wonse. Kuno kwathu nthawi yomweyo ndi mphindi zongopitirira pang'ono 20, chaka chonse.

Amene anagonapo m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akudziwa. Ife a kwa Mwambo tili kumadzulo kwa nyanjayi, ndiye dzuwa limatitulukira kutsidya, cha ku Mozambique. Nthanda ikaoneka, tambala n'kulira, kunja kumati mbuu. Ukangoti ukoleze moto wa tiyi, potukula mutu upeza kwayera kale, abwato akuoneka pamadzi. Mwana amene anakula ndi kucha kotereku ukamuuza kuti "dawn" ndi chithunzi cha chinthu chochitika mozengereza, sachiona msanga. Kwa iye kucha n'chinthu chothamanga, chimene umapikisana nacho. Mayi wopita kumpunga ku sikimu ya Likangala amafuna kukuchere ali kale m'munda. Mfundo imeneyi tiisunge, ibweranso.

Kwacha n'kwa tonse

Tiphwanye liwu lakuti kwacha: ku-, kenako -a-, kenako -cha. Ku- ameneyu ndi yemwe uja wa kunja, kumudzi, kumwamba. Mu 1989 Joan Bresnan ndi Jonni Kanerva anasindikiza kafukufuku wawo wa Chichewa m'magazini ya Linguistic Inquiry, ndipo anaonetsa kuti mawu a malo amatha kukhala mwininkhani weniweni wa chiganizo. Tikati "Kumudzi kwabwera alendo", mneni akugwirizana ndi kumudzi, alendowo angotsatira. Chimodzimodzi "kunja kwacha". Apa pali kusiyana ndi Chingerezi. "It" wa Mngerezi saloza kanthu, pomwe ku- wathu amaloza malo. Kucha kumachitikira dera lonse, ndipo aliyense wokhala m'deralo kwamukhudza, afune asafune.

N'chifukwa chake liwuli linagwira bwino ntchito pa ndale. Dr Hastings Kamuzu Banda atabwerera kumudzi pa 6 July 1958 kudzalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mfuu ya pamisonkhano yake inali "Kwacha!" Mbendera ya pa 6 July 1964 inaika dzuwa lotuluka pamwamba pa mzere wakuda. Mu 1971 ndalama yathu inatchedwa kwacha, ndipo kobiri lake laling'ono linatchedwa tambala, mbalame yolengeza kucha. Anzathu a ku Zambia anali atatsogola kale mu 1968 ndi kwacha yawo, kobiri lake n'kulitcha ngwee, mvekero wa kuwala. Ngakhale mkangano wa mbendera uja, ukauyang'anitsitsa unali mkangano wa chithunzi chomwechi. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa dzuwa lotuluka n'kuika dzuwa lathunthu loyera pakati, ponena kuti dziko latukuka, silingakhalebe m'bandakucha. Mu 2012 aphungu anabwezeretsa dzuwa lotuluka lija.

Choncho si zoona kuti Chichewa sichidziwa kulumikiza kucha ndi kutseguka m'mutu. Mpaka lero wogula akaona kuti wamalonda akufuna kumubera pa mtengo amatha kunena kuti, "Aaa, achimwene, kunja kuno kunacha." Koma tamvetserani bwino: ndi kunja kumene kunacha. Akunena kuti anthu onse anachangamuka, nthawi yopusitsana inatha. Kucha kwa Chichewa n'kwa gulu, n'kwa pabwalo. Kucha kwa "dawn on" n'kwa m'mutu mwa munthu mmodzi.

Kukachera munthu mmodzi

Nanga tikafuna kuti kuchako kulunjike pa munthu? Timagwiritsa ntchito msintho womchitira, -ir- kapena -er-, umene Sam Mchombo anaufotokoza mwatsatanetsatane m'buku lake la 2004, The Syntax of Chichewa. Kusukulu timauphunzira ndi zitsanzo zokoma: kuphikira alendo, kugulira mwana nsapato. Koma msintho womwewu umanyamulanso tsoka. "Mwana wandifera." "Nkhuku zandithera ndi chitopa." "Kunatidera tili panjira." Apa palibe amene wachitiridwa zabwino.

Kuchera kuli m'gulu lachiwirili. "Kunatichera tili pa Jali" akutanthauza kuti tinkafuna kukafika kutali kusanache, koma dzuwa linatipeza tisanathe ulendo. Wakuba kukamuchera ali m'khola la mwini wake, zake zada. Pa nkhani za ufiti zimene zimakambidwa m'midzi, amati mfiti yacheredwa, kunena kuti kwacha isanabwerere kwawo ndipo yaonekera poyera. Mnyamata amene analowa mozemba m'nyumba ya eni ake akacheredwa, mudzi wonse umadziwa. M'zitsanzo zonsezi kuwala sikukuthandiza munthuyo kuona. Kukuthandiza ena kumuona iye.

Pali liwu linanso limene timalitchula tsiku lililonse osaliganizira: kuchedwa. Taonani kaumbidwe kake. Kupha, kuphedwa. Kumwa, kumwedwa. Kudya, kudyedwa. Kucha, kuchedwa. Liwu lathu la kusasunga nthawi lili ndi maonekedwe enieni a msintho wochitidwa wa kucha. Chiswahili chili ndi mawu awiri oyenderana chimodzimodzi: "kumekucha" ndi kwacha, "kuchelewa" ndi kuchedwa. Kwa mlimi ndi msodzi zimenezi n'zomveka. Ntchito yabwino imagwirika dzuwa lisanakwere, ndipo amene kwamuchera ali pamphasa watsalira.

Apa m'pamene mtsikana uja analakwa. Munthu wa kwa Mwambo akamva kuti "asodzi kunawachera" samva kuti asodziwo anamvetsa kanthu. Amamva kuti anapezeka osakonzeka. Chiganizo cha Chingerezi chikunena za m'mutu mwa asodzi, chake chikunena za tsoka lawo. Mawu akufanana ndendende, "dawn" ndi kucha, "on" ndi -er-, koma matanthauzo apatukana.

Diso ndi khutu

Chifukwa chachikulu cha kupatukanaku n'chakuti ziyankhulo ziwirizi zimalowetsa nzeru pa makomo osiyana. George Lakoff ndi Mark Johnson, m'buku lawo la 1980, Metaphors We Live By, anaonetsa kuti Chingerezi chimayankhula za kumvetsa ngati kuona. Mngerezi akamvetsa amati "I see", nkhani yomveka amati ndi "clear", munthu wanzeru amati ndi "bright". "Dawn on" ndi mwana wa banja limeneli: ngati kumvetsa ndi kuona, ndiye kuyamba kumvetsa ndi kuyamba kuwala. Eve Sweetser mu 1990 anatsatira njira yomweyi m'mbiri ya ziyankhulo za ku Ulaya, mmene mawu a kuona ankasandukira mawu a kudziwa. Koma mu 2000 Nicholas Evans ndi David Wilkins anaonetsa kuti m'ziyankhulo zambiri za eni nthaka a ku Australia, mawu a kudziwa ndi kuganiza amachokera ku kumva.

Chichewa chili mbali ya khutu. Mphunzitsi akamaliza kufotokoza amafunsa kuti "Mwamva?" Munthu wosadziwa chiyankhulo amati "Chilomwe sindimva." Kuchokera pa tsinde limodzi timapeza kumvetsa, kumvetsetsa, kumveka, kumvana, kumvera. Mwana wovuta timati ndi wosamva. Ndipo kumva kwathu n'kotakata: timamva fungo, timamva kuwawa, timamva njala, timamva kukoma. Diso liliponso ndithu, paja timati "ndaona" kapena "maso anga atseguka", ndipo kuzindikira n'pachibale ndi chizindikiro. Koma msewu waukulu wa nzeru m'Chichewa umadzera kukhutu.

Ndiye ngati tikufuna mnzake weniweni wa "dawn on", tisamufune kumene kuli dzuwa. Timufune kumene kuli mawu. Ndipo alipo: mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kugonera timakudziwa kukhitchini. Nyemba zogonera zimakoma kuposa za tsiku lomwelo, thobwa logonera limakhala litagwira. Mwambiwu uli ndi zonse zitatu zimene tinazipeza m'chining'a cha Chingerezi. Munthu si wochita, mawuwo ndi amene amakoma okha. Chinthucho chinalipo kale, unauzidwa dzana. Ndipo pamafunika nthawi. Kusiyana kwake n'kwakuti Mngerezi amayang'ana kuwala kumene kukubwera, ife timawerenga usiku umene wadutsa.

Mwambi wina umagwira mbali ya dzidzidzi ija: wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mneni ndi mmodzi, kumva, koma wabwera kawiri. Koyamba ndi kumva kwa malangizo, kachiwiri ndi kumva kwa ululu. Munthuyu wamvetsa ndithu, koma wamvetsa zinthu zitaonongeka.

Zimene ananena amalume

Chimene chinandibweza pa yankho la mtsikana uja si mabuku amenewa. Ndi amalume anga, amene akhala akupha matemba ndi mlamba pa Chilwa kuyambira ndisanabadwe.

Kwa amene simukuidziwa nyanjayi: ndi yachiwiri kukula m'Malawi, ndi yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo madzi ake amachoka ndi dzuwa basi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana, nyanja imabwerera m'mbuyo. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inachepa kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 abwato anakhala pa matope ong'ambika pa dooko la Kachulu. Kuphwa kwa nyanja si ngozi ya tsiku limodzi ngati madzi osefukira a namondwe Freddy mu March 2023. Kumatenga miyezi, aliyense akuona.

Madzulo ena tikudya ndinawafunsa kuti, "Amalume, chaka chija cha 2018, inuyo munadziwa liti kuti nyanja ikupita?"

Anaseka kaye. "Iwe, kudziwa kwake kuti? Tonse tinkaona. Mwezi uno bwato ukuusiya apa, mwezi wamawa ukuukankha m'matope mpaka uko. Madzi akumveka mchere, nsomba zikuchepa. Akuluakulu amene anaona za 1995 ankanena, ife n'kumati mvula ibwera. Ine mpaka ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, kugula ukonde watsopano. Zinanka zindilowa pang'onopang'ono. Koma tsiku limene ndinaponda pouma, malo amene ndinkatcherapo ukonde, ndinangoti basi, kwatichera."

Ndinasiya kudya. M'mayankhulidwe amodzi amalume anagwiritsa ntchito zida ziwiri, chilichonse pa ntchito yake.

Chida choyamba ndi "zinanka zindilowa". Kunka ndi kupita, koma kukatsogolera mneni wina kumasonyeza chinthu chimene chikukulirakulira: madzi akunka nachepa, matenda akunka nakula, mitengo ya zinthu ikunka ikwera. Zimene Chingerezi chimachita ndi chithunzi cha m'bandakucha, Chichewa chimachita ndi galamala. Ndipo mu "zindilowa" munthu ndi pamtherankhani, -ndi-, monga momwe "me" alili mu "dawned on me". Nkhaniyo ndi imene ikuyenda, munthu wangokhala ngati nyumba yolowedwa.

Chida chachiwiri ndi "kwatichera", ndipo anachisunga mpaka pa mphindi yomaliza, pamene kumvetsa kunafika koma ngongole itatengedwa kale. Taonaninso kuti pa "zindilowa" anati -ndi-, iwo okha, koma pa "kwatichera" anati -ti-, asodzi onse. Ngakhale pa tsoka, kucha kunakhalabe kwa gulu.

Apa m'pamene ndinalakwa ine. "Agogo amatero" uja sanali kudzitchinjiriza kwa mwana wogwidwa. Mtsikanayo sanatenge dikishonale n'kusintha "dawn" kukhala kucha. Anamva nkhani ya asodzi ndi nyanja yophwa, nkhani ya kwawo, n'kutola mawu amene anthu a kwawo amanena pa nkhani imeneyo. Ndipo anagwira chinthu chimene chilimo m'chining'a cha Chingerezi koma sichitchulidwa kawirikawiri. Tamvetserani mmene Angerezi eni ake amachigwiritsira ntchito: nthawi zambiri chimakhala m'nthawi yakale, chimakonda kuyenda ndi "finally", ndipo zimene zimatsatira "that" kawirikawiri si zokondweretsa. Wakwera minibasi yolakwika, wapusitsidwa, amene umamudikira sabwera. Munthu akati "it dawned on me" akuvomera mwaulemu kuti zizindikiro zinalipo ndipo anayenera kuziona kale. M'kati mwa "dawn on" muli kuchedwa. Chingerezi chimakubisa pansi pa kuwala kokongola, Chichewa chimakuika poyera.

Vuto la mndandanda wa mizere iwiri

Ambirife zining'a za Chingerezi tinaziphunzira m'timabuku ndi manotsi a mizere iwiri: kumanzere chining'a, kumanja tanthauzo la liwu limodzi. "Dawn on" mbali iyi, "realise" mbali iyo. Njirayi ndi yachangu poloweza, ndipo mwana amene akudziwa kuti popanda kukhoza Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, sungamudzudzule poloweza. Koma zotsatira zake ndinaziona pakhonde pomwe paja. Nditawauza kuti apange ziganizo zawo, wina analemba "I dawned on the answer", wina "The teacher dawned on us the topic". Ana amenewa sanalakwitse kuganiza. Anauzidwa kuti mawu awiriwa ndi ofanana, ndiye anachotsa "realise" n'kuikapo "dawn on" pamalo pomwepo. Mndandanda sunawauze kuti munthu amachoka pa mpando wa mwininkhani.

Chodandaulitsa n'chakuti chida chowathandiza anali nacho kale m'kamwa. Mwana amene amanena kuti "zandilowa", "zandikwana", "kwandidera", amadziwa bwino lomwe chiganizo chimene munthu amakhala wochitikiridwa. Mphunzitsi atangonena kuti "it dawned on me" imayenda ngati "zinandilowa", osati ngati "ndinazindikira", cholakwa chija sichingabadwe. Koma m'makalasi ambiri Chichewa chimaonedwa ngati chopinga pa phunziro la Chingerezi, moti ngakhale ine, amene ndimaphunzira za ziyankhulo, nditaona kucha m'yankho la mwana ndinathamangira bolopeni yofiira.

Kwa omasulira, malangizo anga ndi akuti musafune liwu limodzi loti lizilowa paliponse. Funsani kaye kuti chiganizocho chatsamira mbali iti. Ngati chatsamira pa kamphindi kaja, monga "it suddenly dawned on me that I had left my phone at the shop", nenani kuti "ndinangodzidzimuka kuti foni ndaisiya kugolosale", kapena "ndinatulukira kuti". Kutulukira n'kokoma chifukwa kumamveka ngati munthu amene amayenda m'tchire, mwadzidzidzi wafika pamsewu umene unalipo kale. Ngati chatsamira pa kutalika kwa nthawi, "zinanka zindilowa" kapena "ndinayamba kuzindikira" zikwanira. Ngati nkhani ndi malangizo amene amveka patapita zaka, mwambi wa kugonera uja ulipo. Ndipo ngati nkhani yonse ikuonetsa kuti kumvetsako kunafika zinthu zitathina, apo kuchera kuli ndi malo, koma kubwere pambuyo pa mneni wa kumvetsa, kusalowe m'malo mwake.

Ndamvapo anzanga ena pa kampasi akunena mwanthabwala kuti "zinandichera kuti mayeso ndi mawa". Taonani kuti asintha mgwirizanitsi, ku- wasanduka zi-, kuti chiganizo chifanane ndi cha Chingerezi. Kwa khutu la kumudzi zimenezi zimapita kwina, chifukwa kucha kukakhala ndi zi- kapena chi- timaganiza za m'munda: mbewu zacha, chimanga chacha. Komabe n'zochititsa chidwi kuti tanthauzo limenelinso ndi la chinthu chimene chakhala chikukhwima mwakachetechete mpaka tsiku lake lafika. Kaya nthabwalayi idzakhazikika, adzaweruza ndi oyankhula. Ine pakadali pano sindingailembe m'nkhani yoti agogo amve.

Chiganizo chija ndikanati ndichimasulire lero, ndikanalemba kuti: "Asodzi zinanka ziwalowa kuti nyanja ikuphwa." Pamenepo Chingerezi chathera. Koma ndikanakhala kuti ndikumasulira nkhani yonse ya 2018, ya ngongole za maukonde ndi abwato okhala pamatope, ndikanaonjezera kuti: "koma pomadzazindikira n'kuti kutawachera kale." Theka loyamba ndi la ana asanu ndi mmodzi aja, theka lachiwiri ndi la mtsikana uja.

Nditabwerera ku Zomba ndinaimba pa foni ya mayi ake n'kupempha kuti ndiyankhule naye. Ndinamuuza kuti yankho lake lija linali ndi nzeru, ndipo ndikadzabwera abweretse pepalalo ndidzamuonjezere theka la malikisi. Anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, pepala limene lija tinakolezera moto kalekale."